Kasipika ka m'mita yanga

Lolemba, 9 Okutobala 2017

Iwe amene ukuti ndine namapopa, bwera pakhomo pano masana, uigwire mita yanga yoyezera magetsiyi ndi manja ako, undionetse polowera magazi. Mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, kumapeto nsonga zachitsulo. Ukagunditsa nsongazo uku ndi uku pa waya, ikalira tiii ndiye kuti waya ali bwino. Ikapanda kulira, waduka mkati. Basi. Ndakonzera mita yomweyi mawailesi ndi nyali za asodzi a Mtakataka yense, lero yasanduka chopopera anthu.

Woyambitsa ndi mlamu wanga Katerina, mng'ono wake wa Namaliya mkazi wanga. Pamjigo amayi amakamba za anamapopa zomwe zikumveka ku Mulanje ndi Phalombe. Iye n'kuponyapo: "Nanga alamu anga a Bizwick si a komweko? Ali nako kolira, ka masingano awiri." Nthabwala za pachilamu. Iye anaseka. Ena sanaseke.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Justin, mmodzi wa asodziwo, wadzatenga nyali yake ya sola ndisanaimalize. Waimira kumsewu, moni wapakamwa, manja m'thumba. Munthu amene ndadya naye usipa m'mbale imodzi.

A Chakufwa, malume ake a Namaliya, anandiitanitsa. Akuti ndikhale kaye m'nyumba, ndipo kachipangizoko kasamvekenso. Ndinati ndipita pamjigo ndikawauze ndekha poyera. Akuti ndine mkamwini, komanso wa ku Phalombe, ndikakweza mawu pamudzi pa eni zinthu ziipiratu. Ndinamvera. Ine, amene sindinasungepo mawu kukhosi chibadwire.

Ndamata selotepi pa kabowo kotulukira kulira. Mita ikulirabe, ngati mwanapiye wovundikiridwa m'dengu. Namaliya anakaima panja kumvetsera. Akuti ikufika mpaka pa khola la mbuzi.

Lachinayi, 12 Okutobala

Kutentha. Chitseko chotseka, zenera lotchinga ndi chitenje, malata kuwotcha pamutu. Thukuta kudonthera m'wailesi ya eni ake.

Ndatsegula mita. Kasipika kake kakuda, kozungulira, ngati batani la malaya. Kanthu kochepa chonchi kunditsekera m'nyumba! Thonje m'kabowo, selotepi pamwamba, kenako kachidutswa ka patapata. Chivundikiro kukana kutseka. Ndachotsa patapata.

Namaliya akuti bwanji osangodula waya wake kaleke kulira. Sakudziwa ntchito. Maso amakhala pa nsonga, sangakhalenso pa manambala. Khutu ndi limene limandiuza. Ndinaphunzira choncho ndekha, pa mawailesi otayidwa, popanda wondigwira dzanja.

Amayi opita kuminda ya ku Bwanje asintha njira, akuzungulira kuseri kwa manda. Kumanda n'kwabwino kuposa pakhomo panga.

Lamulungu, 15 Okutobala

Kutchalitchi osapita. Namaliya wapita, benchi lonse yekha. Katerina sanaoneke, akuti mutu. Mutu wanji? Chodwala ndi pakamwa.

Ndazula lezisita m'wailesi yakufa, ndailumikiza pakati pa kasipika ndi waya wake kuti moto uzifika wochepa. Chowotcherera mawaya kutenthetsa pambaula, m'nyumba motseka, utsi m'maso. Yoyamba yachepetsa pang'ono chabe. Yachiwiri, yaikulupo, yagwira. Tsopano mita ikunong'ona, mpaka usendeze khutu. Namaliya pa khola la mbuzi sanamve kanthu, pakhonde sanamvenso.

Ndasangalala ngati chitsiru. Ndamaliza mawailesi awiri. Odzatenga kulibe.

Lachitatu, 18 Okutobala

Tsopano anthu akuti mita ndaiphunzitsa kukhala chete kuti ndizipopa anthu osadzidzimuka. Ikalira, mlandu. Ikaleka, mlandu woposa.

Mwala padenga, dzuwa lili pamutu. Wachiwiri waswa sola yanga. Ndinagwira chitseko kuti ndituluke, Namaliya anandigwira malaya mpaka kung'ambika. Akuti ndipite kwathu kaye. Ndidzere kuti? Pamsewu anyamata aika zipika, akusecha zikwama za aliyense wachilendo. Apeze mawaya ofiira m'chikwama cha munthu wa ku Phalombe? Ndikasiya zida, ndikakhala ndani kumeneko?

Nzeru yabwera ndikutola magalasi a sola. Mita siilira pa thupi la munthu. Pa supuni imalira, pa mkono zii. Ndikaime pamjigo onse aone: supuni tiii, ndowa yachitsulo tiii, mkono wa Katerina zii. Chinthu chosamudziwa n'komwe munthu chingamupope bwanji? A Chakufwa avomera monyinyirika, akuti aimapo okha. Koma iyenera kufuula ngati kale, wakumbuyo amve. Mawa ndichotsa zonse ndinaikamo.

Lachinayi, 19 Okutobala

Ndapsereza kasipika.

Chowotcherera chinachita kufiira pambaula. Lezisita yachoka, koma kamwendo ka kasipika kasungunuka n'kuthothoka nako. Pa supuni zii. Pa ndowa zii. Pa mkono zii. Zonse chimodzimodzi, ndikaonetsa chiyani? Kasipika kena mwina ku Dedza kapena ku Salima. Ine sindingafike ngakhale pa Golomoti.

Namaliya wabwera kuchokera kwa mng'ono wake, maso ofiira. Katerina akuti, "Ndimangocheza, alamu akudziwa." Akuopa kuti akatsegula pakamwa anthu anena kuti tili limodzi.

Ndikudziwa, inde. A pamjigo sakudziwa, oponya miyala sakudziwa. Mita ilibenso mawu, ine andiletsa kulankhula, watsala ndi pakamwa ndi iwe. Katerina, mawa m'mawa tenga ndowa yako, ukaime pomwe unaima tsiku lija, amayi omwewo ali pamzere. Unene kuti unapeka, mokweza monga unakwezera poseka. Osati kwa Namaliya, osati kwa amalume. Pamjigo.