Mtanda Umene Malume Sakuumva

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi moni. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano, nanga bondo lija likukulolani kuyenda? Ine kuno ndilipo, kungoti kuyabwa m'mikono ndi kachifuwa pang'ono. Kalatayi ndinayamba kuilemba ndi pensulo, kenako ndaikopera ndi bolopeni kuti musapezemo zofufuta. Achemwali akamakuwerengerani mukhale awiri okha, alamu asamve.

Nkhani yanga ndi ya ku shedi kwa malume. Mwezi uno tikukonza boti lakale la faiba, ija yolimba yooneka ngati pulasitiki, la mtundu wothamanga uja umakoka munthu pa chingwe, iye ataima pa timatabwa pamwamba pa madzi. Linabwera pa ngolo litadzaza masamba, pansi popondapo patafewa ngati buledi wonyowa. Mwini wake ndi bambo wina wogulitsa matayala. Akuti linali la malemu bambo ake, ndipo akufuna mwana wake wamkazi aphunzirirepo sukulu zikatsekera.

Kunja kwa boti tinamaliza. Ming'alu tinaipala, tinaimata, ndipo ukayendetsa dzanja sumva pamene panali bala. Kenako tinadula matabwa opondapo aja ndi galayinda. Fumbi la faiba limalowa paliponse, ngakhale ndimange manja a ovolosi ndi tepi. Shedi ilibe windo, ndipo chitseko chimakhala chotseka chifukwa oyandikana nawo okonza mafiriji amadandaula fumbi. Dzuwa ndimaliona pobwera ndi pobwerera basi.

Kuti mumvetse, pansi pa matabwa opondapo pali mitanda iwiri yoyenda kuchokera kumutu kwa boti mpaka kumbuyo. Mkati mwake ndi mtengo koma yakutidwa ndi faiba, ndiye ndi maso sungadziwe ngati yaola. Pa mitandayo ndi pamene pamangidwa injini, komanso chitsulo choimirira chomangapo chingwe chokokera munthu. Malume anandiphunzitsa okha nditangofika kuti umagogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva n'kutchera khutu. Mtanda wabwino umalira mouma, ke ke ke. Woola umangoti phu phu, ngati ukumenya pilo.

Popeza ndine wochepa thupi, ndine amene ndimalowa kumpata wa pakati pa injini ndi chitsulo chija, chagada, tochi ili kukamwa. A Penti, mdala wopopera utoto, anditcha Kafumbwe. Akuti ndikadzakwatiwa mwamuna wanga azidzandifunafuna m'mabowo a nyumba. Akutinso iwo ndi mimba yawoyo atalowamo, powatulutsa pangafunike mzamba. Ndimaseka, koma m'menemo mulibe potembenukira, ndipo mphuno imatsala pang'ono kugunda chitsulo.

Lolemba lapitali ndinagogoda mtanda wa kumanzere, pansi penipeni pa chitsulo cha chingwe. Unati phu phu, kutalika kwake ngati mkono wanga. Ndinabwereza kanayi kuopa kunamizira mtengo. Nditawaitana malume anagona chammbali, anapisa dzanja, anagogoda pomwepo, n'kunena kuti uli bwinobwino.

Amayi, malume sakumva. Phokoso la galayinda la zaka zonsezi lawadya makutu. Munthu akamalankhula amamuyang'ana milomo. Foni ikalira amapatsa anti, akazi awo, kuti ayankhe, amati m'manja muli guluu, ngakhale Lamlungu pamene sanagwire ntchito. Kunyumba palibe amaitchula nkhaniyi. Nanga ine mawu anga mumawadziwa, ngakhale aphunzitsi ankachita kubwera pa desiki kuti andimve.

Lachitatu mwini boti anabwera ndi mwana wake uja. Ndi kamtsikana ka zaka ngati khumi ndi ziwiri, kolankhulalankhula. Kanavala jekete yoyandamitsa yatsopano mu shedi momwemo, kanakwera m'boti n'kukumbatira chitsulo chija, kakufunsa ngati mng'ono wake adzakhale pafupi nacho kuti azikaona bwino kakamakokedwa. Malume anaika dzanja pamtima n'kuwauza bambo ake kuti mitanda ndi yolimba ngati tsiku limene boti linapangidwa. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi tsache. Ndinangopitiriza kusesa.

Atachoka ndinaima kutsogolo kwa malume kuti aone milomo yanga. Ndinanena koyamba, sanamve. Kachiwiri ndinakuwa, chibadwire sindinakuwepo chotero, ndipo nthawi yomweyo a Penti anali atangozimitsa makina awo a mpweya. Mawu anga anadzaza shedi yonse, kuti mtanda waola ndipo iwo sakuumva. A Penti anapeza chochita kuseri kwa zitini. Malume anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Iwe, maboti ndinayamba kugogoda amayi ako asanakuganizire. Makutu angawa ndi amene akukudyetsa."

Anavalanso magalasi n'kubwerera ku ntchito yawo.

M'mawa mwake ndinachita chinthu choletsedwa, mundikhululukire. Lamulo la malume ndi lakuti palibe aboole boti la kasitomala iwo asanalole. Ndinatenga chiboolera chaching'ono n'kuboola kabowo kamodzi pa mtanda uja. Simunatuluke utuchi woyera ayi, munatuluka phala lakuda lonyowa, lonunkha ngati m'ngalande. Ndinaliika pa pepala n'kulisiya pa benchi pawo. Analiyang'ana nthawi yaitali, analifinya ndi chala. Kenako analikankhira pansi ndi dzanja, n'kundiuza kuti nditseke bowolo ndi guluu ndisanadye nkhomaliro. Ndinatseka.

Ndiye sindikudziwa ngati sakukhulupirira kapena akuopa. Anti anandiitanira kukhitchini n'kundiuza kuti anthu amabweretsa maboti kwa malume chifukwa cha mbiri ya makutu awo, ndipo zikamveka kuti sakumvanso mtengo, shedi yatha. Anati maboti ambiri akuyenda ndi mitanda yoola ndipo palibe chachitika. Anandikumbutsanso, mofatsa ndithu, kuti ndimagona m'nyumba mwawo. A Penti nditawafunsa anati iwo amadziwa za pamwamba zokha, zamkati ndi za akafumbwe.

Mwina anti akunena zoona kuti palibe chingachitike. Koma malume omwewo ndi amene anandiuza kale kuti chingwe chikakoka mwamphamvu pa mtanda woola, mabawuti amazuka, chitsulo chimagwa ndi mphamvu yonse ya injini, ndipo chimapeza amene wakhala pafupi. Inu munatilera ndi mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kuuza mwini boti sindingathe, kungakhale kuwavula malume pagulu, munthu amene ananditenga pamene ndinalibe kolowera. Kuchoka sindingathe, tauni ino ndimadziwa msewu umodzi, wa kunyumba ndi ku shedi. Kukana ntchito sindingathenso, chifukwa kuyala nsalu ya faiba popanda thovu ndi ntchito yanga, malume amati dzanja langa ndi loleza. Matabwa atsopano adulidwa kale, atsamira khoma. Akangoikidwa n'kumatidwa, mtanda uja sudzaonekanso mpaka tsiku limene udzathyoke.

Pakali pano ndikuchedwetsa. Ndikupala m'mbali pang'onopang'ono, ndipo malo amodzi ndawapala kawiri. Mvula yandithandizako chifukwa guluu sauma bwino kukakhala chinyezi. Koma malume anena kuti Lachisanu la sabata ya mawa tiika matabwawo n'kumata, kugwe mvula kapena ayi.

Pempho langa ndi limodzi. Muwalembere malume kalata, achemwali akugwirireni cholembera. Musaimbe foni, adzapatsa anti, ndipo mawu anu adzathera kukhitchini. Ndinu nokha amene amakuopani, poti munawabereka kumsana agogo atamwalira. Za makutu musatchule n'komwe, chonde. Mungowauza kuti mwamva kuti mwana wanu anaboola mtanda, ndipo inu mukufuna ausegule aone okha, ngati ndalakwa andibweze kwathu. Akatero adzakhala ndi chowauza mwini boti, kuti ndi iwo amene aupeza. Kusintha mtanda ndi ntchito ya masabata awiri, ndipo ndilowamo ine, sindidandaula kuyabwa. Kalatayo mupatse dalaivala yemwe wabweretsa inoyi, amabwerera kuno Lachiwiri.

M'kona mwa envulopu mupezamo kapepala kopinda kanayi. Ndi phala lija, ndinalitola pansi malume atatuluka. Mwina lifika litauma, koma mulifikise pakati pa zala. Chimenecho ndicho chagwira chitsulo.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Kamwana ka achemwali mukapsompsone m'malo mwanga. Anti akupereka moni, ngakhale sakudziwa zimene ndalemba.

Kalata yanu ikapanda kufika, Lachisanu malume adzandipatsa burashi ndi chitini cha guluu. Ndikudzidziwa, Amayi, ndidzalandira ndi manja awiri, ndipo ndidzamata bwino kwambiri moti palibe adzaone. N'chifukwa chake ndalemba.

Tsalani bwino.

Ndine mzime wanu.