Msana wa Chiyamiko

Lolemba, 17 Novembala 2008

Chipatala cha ku boma, wodi ya ana. Mwana wanga Chiyamiko wakomoka kawiri pa matola kuchokera ku Chamama. Thupi moto, khosi louma. Mayi ake, Lusiya, ali m'chikuta, khanda silinagwe mchombo. Ndiye ndabwera ndi apongozi, amayi a Lusiya. Iwo pabedi, ine panja pazenera ngati abambo ena onse. Chikwatire sindinawayang'anepo kumaso, ndiwo ulemu wake. Mawu athu amadzera mwa mwanayu. Lero mwanayo sakuyankhula.

Lachiwiri, 18 Novembala

Kwinini sakugwira. Adokotala akufuna kutenga madzi a pamsana, aone ngati matenda afika ku ubongo. Apongozi akana. Akuti kwawo ku Njombwa ana awiri anawapopa msana, onse anabwerera m'bokosi.

Ndafotokoza pang'onopang'ono monga ndimachitira m'kalasi, maso kukhoma. Singano siipha. Ana otengedwa madziwo amakhala atadwalika kale, ndiye imfa ikafika timanamizira singano. Madzi akatuluka oyera ngati a pamjigo, ndiye kuti kuli bwino. Anandimvera mpaka kumapeto. Kenako: "Aphunzitsi, amenewo ndi mabuku. Uyu ndi mwana."

Amanga katundu, akuti tithawe naye. Muwodi nkhani ndi ya makuponi, akuti feteleza wafika kudepoti. Kuponi ya apongozi ili pamfundo ya chitenje, sanaitchule n'komwe.

Kodi zimene ndanenazi ndikuzikhulupirira ineyo?

Lachitatu, 19 Novembala

Ndavomera ndine kuti amutenge madziwo.

Anamwino, a Mphepo, anati kholo lilowe, mwana saphiriphitha kwambiri akamaona nkhope ya kwawo. Apongozi analowa nawo osaitanidwa, akuti aone ndi maso awo chimene timuchite. A Mphepo anangoti zakhala bwino, wina agwire mawondo, wina mapewa, timupinde monga amagonera mwana m'mimba.

Kabedi kakang'ono. Mitu yathu inagundana. Panalibe kothawira.

Singano ija nditaiona, m'maso munada. Ndinayamba kumutayirira, ndipo a Mphepo anali atatichenjeza kuti asagwedezeke. Ndinamva dzanja la apongozi litakanikiza langa. "Bambo a Chiyamiko, isiyeni singanoyo. Yang'anani ine."

Ndinawayang'ana. Ali ndi kachipsera pachikope, ngati Lusiya. Milomo ikupemphera, misozi ili chuchuchu, koma manja osasuntha.

Madzi anadontha a mbuu, ngati otsukira mpunga. Anawaona nawonso. Sanafunse, ndinali nditawaphunzitsa kale.

Loweruka, 22 Novembala

Mankhwala anasintha tsiku lomwelo. Adokotala akuti tikanathawa naye sakanafika Lamulungu. Anandiuzanso pambali kuti matendawa nthawi zina amasiya makutu otseka.

Lero watsegula maso, wamwa phala masipuni angapo. Apongozi anasendera, n'kundisiyira malo pabedi. Amayi a bedi loyandikana anaseka, akuti mkamwini uyu waiwala mwambo. Apongozi anawayankha kuti mwambo tikaupeza kumudzi.

Mvula yagwa. Anzathu akubzala.

Masana ndinaima kumbuyo kwake, ndikuti Chiyamiko. Sanatembenuke. Ndinakweza mawu. Amangoyang'ana sipuni.

Apongozi anati ndi kutopa chabe, n'kundiyang'ana kumaso, kudikira kuti ndiwafotokozere.

Ndinati inde, amayi, ndi kutopa.