Batani Lobiriwira la a Kuramochi

Lolemba, 15 Januwale

Ndafika ku Akita, chipale chofewa mpaka m'mawondo. Kampani yandituma kudzaona mmene okalamba odwala mtima akugwiritsira ntchito katabuleti kathu. M'mawa uliwonse kamawafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji lero?" Mabatani ndi atatu: lobiriwira ndili bwino, lachikasu sindikupeza bwino, lofiira bwerani msanga. Namwino amayamba kuyendera ofiira ndi achikasu. Ku ofesi ku Tokyo akukanyadira ngati mwana woyamba.

Amayi anaimba ndili m'sitima. Akuti ali bwino, mankhwala a mtima akumwa, ndisadandaule. Ndinawayankha mwachidule, ndinali ndi tulo.

Lachiwiri, 16 Januwale

Nyumba yoyamba, kwa a Kuramochi. Kale ankapanga tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, akazi awo anamwalira, amakhala okha. Katabuleti anakaika pafupi ndi chithunzi cha malemuwo n'kukavundikira kansalu kopetedwa. Asanakagwire amayamba awerama kaye. Ndikanaseka, koma sizinatheke.

"Agogo, kakukuvutani pati kamakinaka?"

"Ayi mwanangu, kalibe vuto. Vuto ndi zala zangazi, zakalamba. Pepani mwavutika ulendo wonsewu chifukwa cha ine."

Anakakamira kukatenga tiyi okha. Pobwera anali wefuwefu. Mapazi atupa moti m'masilipasi mukungolowa zala zokha. Chilandirireni katabuleti, sanadinepo lina koma lobiriwira.

Ndinafunsa za lachikasu. Anaseka. "Limenelo n'la odwala enieni. A namwino a Terui ali ndi midzi yambiri, msewu woipa chonchi, ine ndiwavutitsire mapazi? Komanso munthu akakufunsa kuti mwadzuka bwanji, umamuyalira matenda ako onse? Si ulemu umenewo."

Lachitatu, 17 Januwale

Nyumba zinanso, nyimbo yomweyo. Kamakina kabwino, zikomo, pepani. Mayi wina akutsokomola mpaka misozi, chala chili pa lobiriwira. Tinapanga chinthu chofunsa moni, ndipo anthu akutibwezera moni. Ife timadziti ofufuza!

Ndaimbira a Terui za mapazi aja. Mawu awo otopa. "Ndamva, a Chizuru, koma ndili ndekha. Kompyuta ndiyo imandiuza koyambira. Ndikadumpha wachikasu n'kupita kwa wobiriwira, wachikasuyo china chikamuchitikira ndidzayankha chiyani? Ndipitako Lolemba."

Lolemba ndi kutali.

Lachinayi, 18 Januwale

Msonkhano wa pakompyuta ndi abwana, a Shibasaki. Ndawapempha zinthu ziwiri. Tisiye kufunsa moni, tizifunsa zooneka ndi maso, monga, "Kodi masilipasi akulowa lero?" Komanso batani lachikasu lisamaoneke ngati kupempha thandizo, lizinena kuti namwino ndiye akupempha kuti mumuthandize pomuuza. Anthu athuwa kuthandiza ena sakana.

Onse anagwedeza mitu. A Shibasaki anakoka mpweya m'mano. "Maganizo abwino kwambiri. Tikhala pansi tiganizire bwinobwino." Ndinabadwira m'dziko lino, ndikudziwa kuti amenewo ndi ayi wovala taye.

Pambuyo pake mnzanga Noriaki anandilembera: "Iwenso, umabweretsa bwanji nkhani pamsonkhano usanawayendere mabwana mmodzimmodzi? Anagwirizana kale dzulo. Komanso odwala onse akuti akukhutira."

Akukhutira. Ndatseka kompyuta, mutu ukuwawa.

Lachisanu, 19 Januwale

Ndabwereranso kwa a Kuramochi ngakhale sizinali pa ntchito ya lero. Masilipasi awasiya, ali ndi masokosi okha. Akuti amagona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya umathawa, "koma ndi ukalamba basi."

Ndinati ndiitane takisi tipite kuchipatala. Anakana mwaulemu mpaka ine ndi amene ndinachita manyazi. "Tsiku langa la kuchipatala silinakwane. Ndikalowerere pamzere wa anzanga?"

Ndinagwada, ndithu ndinagwada. "Agogo, chonde, mawa mudine lachikasu. Muchitire ine."

"Chabwino mwanangu, ndiganizira."

Mawu a a Shibasaki enieni.

Pofuna kuwalimbitsa mtima ndinawauza kuti a Terui abwera Lolemba. Anasuzumira pawindo, kuyang'ana kanjira kochokera kumsewu kamene kakwiririka ndi chipale. "Ha, abwera? Adutsa pati nanga?" Ndinati asadandaule, a Terui ali ndi majombo. Anandipatsa zipatso zouma za ulendo, n'kundiperekeza mpaka pakhomo atagwira khoma.

Loweruka, 20 Januwale

Lobiriwira.

Lamulungu, 21 Januwale

Lobiriwiranso. Ndinawaimbira a Kuramochi. Akuti ali bwino, ndipo pepani powonongetsa tsiku langa lopuma. Pakati pa mawu ndimamva mpweya ukulira. Chipale chagwa tsiku lonse. Ndilibe mphamvu, sindikudziwanso kuti ntchito yangayi ndi yotani.

Lolemba, 22 Januwale

A Terui anawapeza a Kuramochi panja, atamwalira kale.

Analawirira kukachotsa chipale pakanjira kuti namwino asavutike polowa. Anakonza bwinobwino kuyambira pakhomo mpaka pafupi ndi msewu, m'mbali mowongoka. Anagwera pamenepo, fosholo ili m'manja. M'nyumba makapu awiri a tiyi anali atakonzedwa kale.

Asanatuluke anadina lobiriwira, n'kukavundikiranso kansalu.

Ndine ndinawauza za Lolemba. Ine.

Lachitatu, 24 Januwale

Dzulo sindinalembe, sindinadyenso.

Mwana wawo wamkazi wabwera kuchokera ku Sendai. Wandibwezera katabuleti atakakulunga m'nsalu, pamwamba bokosi la timakeke ta nyemba. Anawerama mpaka pansi. "Pepani, bambo anakuvutitsani kwambiri. Ankakakonda kamakinaka, ankati kamawapatsa moni m'mawa." Ndinalandira ndi manja awiri, ndinaweramanso, ndinati zikomo. Pakamwa panga panatuluka ulemu wokhawokha, ndipo ndinadzida.

A Shibasaki alemba kuti ndi zachisoni, koma akatswiri aona kuti makina anagwira ntchito bwino lomwe. Sakunama.

Lachinayi, 25 Januwale

Pa siteshoni, tikiti ya ku Tokyo ili m'thumba. Ndaimbira amayi.

"Ndili bwino, Chizuru, usadandaule. Iwe ukudya koma? Kumeneko kukuzizira."

Ndinatsala pang'ono kunena kuti chabwino, tilankhulana. Koma ndinati, "Amayi, masilipasi anu akulowa?"

Pafoni ndimangomva wailesi yawo chapatali, ndi mpweya.

"Wakuuza ndani?"

Sitima ya ku Tokyo yanyamuka ndikuiona. Ndili pamzere wogula tikiti ya kwathu ku Niigata, bokosi la timakeke lili m'khwapa, amayi akadali pafoni kundiuza kuti ndisavutike.