Foni Yanu Yosweka Galasi Ija

Amayi a mwana,

Pepani, ndathamangira kuntchito osamwa ndi tiyi yemwe. Munanena zoona dzulo: tsamba lapaintaneti la chipatala lija likuchenjeza anthu pafoni kuti ndi losatetezeka, ndipo odwala akuopa kulembetsa. Ine ndinakakamira kuti vuto ndi foni yanu yosweka galasiyo, poti pakompyuta yanga kaloko kosonyeza chitetezo cha tsambalo kamaoneka bwinobwino. Kani poika satifiketi yatsopano yachitetezo pa seva, kompyuta yosunga tsambalo, ndinaiwala inzake yapakati yoichitira umboni, imene mafoni ena amaifuna!

Akatswiri atatu muofesi muja tinangoti maso tong'o osaona kanthu, inu n'kutulukira muli pamakina osokera. Ndikukaiika m'mawa uno. Ikamakwana teni mutsegulenso tsambalo, kalokoko kakaoneka mundiimbire. Abwana sindiwauza kuti zatheka mpaka foni yanuyo itavomereza.

Ndine wamakani wanu uja