Apongozi pa Matayala Atatu

Lolemba, 4 Novembala

Ndagwa. Pa njinga yoti sigwa. Mphunzitsi wathunthu wa Sitandade 7, pepala la ku koleji lili pakhoma, miyendo m'mwamba m'mizere ya eni ake. Ana akuweruka kumene, onse mboni. "Pepani aphunzitsi," uku akuluma makolala a yunifolomu.

Njingayo ndi ya Eneya, mnzanga wonyamula katundu pa boda. Yamoto, matayala atatu, kumbuyo kangolo. Tasinthana, iye watenga yanga ya matayala awiri. Anandichenjeza ndithu: "Iyi sumapendekeka pokhota, umakhotetsa mahandulo." Thupi linamva? Zaka zonsezi ndimakhota ndi chiuno. Ine kupendekekera kumanja, njinga kupita kumene ikufuna.

Zonsezi chifukwa cha apongozi. Anabwera pa lole mu Seputembala kudzasambitsa mwana wathu Favour atangobadwa. Mchombo unagwa kalekale. Kwawo ku Dambe ndi kutsidya kwa kamtsinje kopanda mlatho. Mvula ikangolimba, ali pano mpaka Epulo. Mitambo yayamba kale kuunjikana cha ku Zambia.

Lachitatu, 6 Novembala

Bondo latupa. Stelia akundithowa, kuseka osaleka. Mkazi wanga chisoni alibe.

Minibasi kwawoko sifika. Akabaza apongoziwo anawakana: "Ana aja amathamanga ngati moyo wina anausiya kunyumba." Nanga pa yanga ija? Apongozi atatang'adza, manja m'chiuno mwa mkamwini? Anthu angakambe mpaka zidzukulu. Ife ngakhale kuyang'anana sitiyang'anana. Masilipasi awo akamveka khomo lakumaso, ine lakuseri. Kudyera pakhonde ngati mlonda. Akafuna kundiuza kanthu amauza khanda: "Favour, uwauze atate ako kuti mchere watha." Ine ndili pompo.

Ndiye matayala atatu. Iwo kumbuyo chofulatira, ine kutsogolo. Ulemu wonse, osakhudzana. Nzeru za ku koleji zimenezi.

Lamulungu, 10 Novembala

Kuyeserera. Ulendo wa ku Misa ku Ludzi. Mpando wapulasitiki womangirira ndi mphira, apongozi pamenepo ndi ambulera. Stelia ndi mwana pamkeka.

Kukoma kwake: ukaima suponda pansi. Ilinso ndi livesi, ngati galimoto ya bwana. Kuipa kwake maenje. Pa awiri umazemba. Pa atatu ukazembetsa lakutsogolo, lakumbuyo ndiye limalowamo. Dzenje lililonse ndalimva m'mano.

Ndimati akwiya. Kumbuyoku ndangomva phwete! Kenako nyimbo ya kwaya, mawu akudumphira limodzi ndi njinga. Kubayibitsa aliyense ngati phungu pa kampeni. Sindinawamvepo akuseka chonchi. Ndinapezeka nanenso ndikuyimba besi.

Loweruka, 16 Novembala

Ndadziputira. Njinga yawakomera.

Lachiwiri kuchigayo. Lachinayi kukazonda mnzawo wa ku mphakati amene sakudwala n'komwe. Lero ku boda, akuti akaone pamene dziko lathera. Anayang'ana mathiraki aja kwa nthawi, kenako: "Kodi Zambia yake ndi yomweyi? Fumbi lake ngati lakwathu lomwe." Osintha ndalama kuwathamangira, kuyesa mayi wa geni. Iwo kuwagwedezera mutu mwaulemu, m'chitenje muli mtedza wokha.

Eneya anatipeza pamenepo. "Unabwereka yowaperekezera kapena yowasungira?" Akufuna njinga yake, makasitomala akumuthawa.

Petulo wa m'zigubu. Mtengo wake sindilemba, ndingalire. Za ku Dambe zii.

Lachinayi, 21 Novembala

Kwagunda masana. Timadontho pamalata, kafungo ka dothi. Ndauza Stelia, Stelia wauza amake. Yankho ladzera kwa mneneri wathu wosayankhula: "Favour, uwauze atate ako kuti mbewu sizidzala zokha. Loweruka."

Ndakavinira kuseri kwa bafa. Pobwera, kamtima kachita chonchi. Nanga kumbuyoku azindiyimbira ndani?

Lamulungu, 24 Novembala

Apita. Ndawafikitsa dzulo, athunthu.

Katundu: feteleza, mbewu, nkhuku, ndowa, mpando uja akuti ndi wawo tsopano. Pa awiri zikanatheka? Stelia analira pang'ono. Favour tulo.

Titasiya msewu waukulu, njira ya ngolo. Tinjira tiwiri, pakati chitunda. Akumbuyo m'tinjira, lakutsogolo pachitunda, mahandulo kundigwedeza ngati ndagwira mbuzi nyanga. Pakamtsinje panali pouma, mchenga wokhawokha. Tinatitimira. Ndisanaganize chochita, apongozi atsika kale, amanga chitenje, akukankha. "Pondani moto, bambo!" Kwa ine. Popanda khanda. Ndinaponda.

Kufika pamudzi nthungululu. Iwo osafuna kutsika msanga, akuti ndizungulire kaye mtengo wa mango kuti anzawo aone livesi. Ndinazungulira. Chammbuyo.

Mvula inandipeza ndili ndi chikho cha thobwa. Ndimati ikata. Yakata lero m'mawa.

Ndapita kukaona kamtsinje. Kofiira, kakubangula, kanyamula ndi nthochi zomwe. Anyamata akumeneko akuti ikanakhala ya awiri akanaikoleka pamtengo, kuiwolotsa pamapewa. "Koma iyi, alamu, idikire madzi aphwe." Aphwa liti? Anayang'ana kumwamba.

Netiweki ili pachulu. Ndakwera, ndayimbira Stelia. Waseka mpaka kudzutsa mwana. Akuti akawauza ahedi mawa. Eneya sindinamuyimbire.

Ndikulemba ndili pakhonde la apongozi, njinga yafunditsidwa chiguduli ngati wodwala. Mudzi wonse uli kumunda, tsiku la Mulungu kapena ayi, chinyezi sichidikira. Iwo ndikuwaona apo, aweramira mzere, akuyimba nyimbo ya m'kangolo ija.

Pakhomo la kanyumba kamene ndagona wina watsamiritsa khasu. Latsopano, mpini wosalala. Uthenga ndaumva.

Ndivule kaye nsapato.