Mwala wa pamanda a Wan Sepiah

4 Malichi
Pak Long Jamil, mlongo wawo wa Mak, mayi anga, akana. Akuti ine ndi Zulhelmi ndife a suku imodzi, fuko limodzi la kuchikazi, ndiye ukwati palibe. "Ukwatiwe ndi mlongo wako, Rosmawar? Ine ndili moyo?" Mlongo wanga uti? Munthu ndinakumana naye m'basi! Mtima ukuwawa, koma pamaso pawo sindilira.

9 Malichi
Ku Seremban, kosungira zolemba zakale. Kufufuza mzere wa kuchikazi, kuyambira pa agogo, Wan Sepiah, kubwerera m'mbuyo. Mabuku a minda, a maukwati, fumbi lokhalokha. Abale awo onse alimo, iwo mulibe, ngati anachita kugwa kumwamba. Ndalama ya nkhomaliro yadyedwa ndi basi. Zivute zitani, ndiwapeza.

12 Malichi
Kumanda ku Kuala Pilah. Ndapala ndere pamwala ndi kiyi: Sepiah binti Abdullah, kutanthauza mwana wa Abdullah. Chonsecho bambo awo timati ndi Haji Sudin. Dzina la Abdullah amalembera munthu wolowa Chisilamu, wobadwira kwina.

Mak avomera monong'ona: "A Haji Sudin anawatenga ali khanda, mwana wa Atchaina a kumigodi. Anapha mbuzi n'kuwalowetsa mu suku. Usauze munthu, Ros."

Ndavina ndekha m'bafa. Ine ndi Zul magazi ndi osiyana!

15 Malichi
Ndauza Pak Long, iwo osadabwa n'komwe. Ankadziwa kale, akuluakulu amenewa. "Mbuzi inadyedwa, mwana iwe, wa suku ndi wa suku. Ngati ukuti mayi anga anali mlendo, kanene pagulu. Malo a nyumbayi ndi a suku, abwerera kwa eni magazi. Ndiye Mak wako azikagona kuti, m'basi mwakomo?"

Ndagwira njakata. Ndikayankhula, Mak ataya nyumba. Ndikakhala chete, ndataya Zul. Andimanga ndi mbuzi yomwe ine sindinalawe ndi msuzi womwe. Ndakwiya.

22 Malichi
Zul akuimba foni, sindikuyankha. Ndimuuza chiyani?

23 Malichi
Mak andidzutsa atavala kale baju kurung yawo ya pa Raya, diresi la pa Idi lija. Akuluakulu a suku akumana lero. "Dzuka, waulesi iwe. Mayi anga anabisa mpaka kumanda, ine ndatopa. Ndikanena ndekha. Achimwenewo, Abang Jamil, abwere adzagwetse nyumbayi ine ndili momo."

Ali pakhomo, akundikuwira. Nsapato inayo sindikuiona, ndingopita chonchi