Sindibweranso ku Bulawayo, Achimwene

Ngokwe,
Machinga.
14 Juni, 1983.

Okondedwa achimwene Ambrose,

Ndafuna kumva za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tili bwino. Mayi ndinawaona ku Balaka pa Pasaka, mwendo ndi womwe ukuwavutabe, koma pakamwa mpomwe paja.

Kalata yanu ndalandira, yonena kuti mwandipezera malo kwa atelala. Zikomo, koma musandikwiyire: sindibweranso. Ndiponso ndinakunamizani. Ndinalemba kuti malungo a kuno andimaliza, pamene thupi langa linali bwinobwino. Chimene chinkandithamangitsa ndi manyazi, chifukwa uphunzitsi unali utandikanika.

Chaka chino anandipatsa Sitandade 7, ana makumi asanu ndi awiri, ambiri a iwo kunyumba amalankhula Chiyao. Ndikawawerengera nkhani n'kuwauza kuti aifotokoze mwachidule, ena ankakopera tsamba lonse, ena n'kulemba mzere woyamba wokha basi. Aphunzitsi aakulu ataona makope, anandiuza pamaso pa anzanga kuti ku koleji ndinangopita kukatenthetsa benchi. Mkwiyo umenewo ndinakautulira pa mtsikana wina, Kulusumu, mwana wa Che Bakari olima thonje. Ndinamuuza kuti mutu wake ndi wouma, kuli bwino angokwatiwa monga ankafunira bambo ake. Tsiku lomwelo m'pamene ndinakulemberani bodza lija.

Kenako ndinakumbukira tsiku limene munkanyamuka pa siteshoni ya Balaka. Mukukumbukira? Inu muli pawindo, mayi anayambira nkhani yawo pa mbuzi ya a Jimu imene inadya chimanga, n'kupita pa mvula, n'kufika pa maliro a ku Utale. Sitima inalira, n'kuyamba kuyenda, iwo akuthamanga m'mbali akufuula kuti sanafike pa mfundo. Mpaka lero sitidziwa chimene ankafuna kukuuzani.

Ndinawafotokozera ana zimenezi ndipo anaseka mpaka kugona pamadesiki. Ndiye ndinawatulutsa panja. Windo la kalasi linasanduka la sitima, wina amakhala mkati ngati wapaulendo, mnzake panja. Ine ndinkaliza wezulo n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, ndikafika kakhumi sitima yapita. Wapanjayo anene nkhani yonse imene tawerenga sitima isanachoke.

Masiku oyamba sitima inkawasiya onse akadali pa moni. Kenako anayamba kukangana okha kuti chotaya n'chiti. Wina akatchula mtundu wa malaya a munthu wa m'nkhani, anzake amakuwa kuti, "Imeneyo ndi mbuzi ya a Jimu!" Anazindikira okha kuti chofunika ndi kunena mwini nkhani, chimene chamugwera, chimene chachititsa, ndi pamene zafika. Anaonanso kuti ukasinthanitsa zoyamba ndi zotsiriza, wapawindo amasokonezeka. Kulusumu sankafuna kuyesa. Ankaima kumbuyo, milomo yokha ikugwedezeka.

Tsopano imvani zimene zachitika Lachiwiri lapitali.

Mayi ake a Kulusumu anagwa m'munda wa thonje dzuwa lili pamutu, akusanza, thovu kukamwa. Anawanyamula pa njinga kupita kuchipatala chathu chaching'ono, ndipo mwanayo anamuitanitsa m'kalasi. Adokotala athu, bambo Blasius, ndi a ku Rumphi, Chiyao sadziwa ngakhale moni. Akuti Che Bakari anayamba kufotokoza kuyambira chaka chimene anakwatirana, azakhali awiri akulowerera za maloto ndi za anthu ansanje, onse nthawi imodzi. Adokotala ankangofunsa kuti wodwalayu wadya chiyani, popanda wowayankha.

Kulusumu anafunsa bambo ake mafunso awiri m'Chiyao, n'kutenga botolo limene linali m'thumba la panjinga. Anaima patsogolo pa akuluakulu onsewo n'kunena m'Chichewa kuti:

"Awa ndi mayi anga. Amva ludzu kumunda, ndiye amwa madzi a m'chitini. M'chitinimo bambo anasungunuliramo mankhwala opopera thonje dzulo, osatsuka. Amwa dzuwa lili apa, asanza katatu. Botolo lake ndi ili."

Adokotala anawerenga pabotolopo, n'kuthamangira jakisoni woyenera. Achimwene, mayiwo ali moyo. Dzulo ndawaona ndi maso angawa atakhala pakhonde akusenda nandolo.

Lachinayi bambo Blasius anabwera kusukulu pa njinga yawo, n'kulowa mu ofesi kufunsa kuti ndani anaphunzitsa mwana uja kulankhula chotero. Anati akanachedwa pang'ono pokha akanalemba kalata ya maliro, ndipo pa zaka zawo zonse za ntchito sanalandirepo mbiri ya wodwala yomveka ngati imeneyo. Aphunzitsi aakulu anachita kudzanditenga okha m'kalasi. Aja ananditchula wotenthetsa benchi aja, tsopano akuti ndikawonetse aphunzitsi a Sitandade 6 ndi 8 mmene sitima yanga imayendera. Ndinavomera mwaulemu, koma mumtimamu ndinkavina chioda.

Kwa Kulusumu ndinapepesa pamaso pa kalasi yonse, poti m'pamene ndinamunyozera. Ndinati mawu aja anali oipa ndiponso abodza. Iye anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amadamu, ndinkayeserera kumbuyo kuja, koma ndinkaopa wezulo." Kalasi yonse inaseka, inenso ndinaseka misozi ili m'maso.

Loweruka Che Bakari anafika pakhomo panga atavala mkanjo woyera ndi chisoti, atanyamula nkhuku. Anakhala pansi n'kupukuta thukuta. Kenako anati mwamuna wa ku Mposa amene ankafunsira mbeta amubweza, mwanayo alembe mayeso a Sitandade 8, ndipo akasankhidwa kupita ku sekondale iwo adzamunyamulira okha sutukesi mpaka pa basi. Ndinawafunsa ngati achibale sadzawavuta. Anayankha kuti achibale onse analipo kuchipatala kuja, pakamwa pali ponseponse, koma amene anapulumutsa munthu ndi mmodzi.

Choncho atelalawo muwathokoze, malowo apatse wina. Mundikhululukire pokuvutitsani ndi bodza, ndipo mayi musawauze, angandikalipire kuyambira tsiku limene ndinabadwa. Pempho langa ndi limodzi. Mabuku a nkhani amene ana anu anamaliza kuwerenga, ngakhale ong'ambika chikuto, mupatsire aliyense wobwera kuno. Buku limodzi lokha la nkhani limene tili nalo kuno talimaliza kawiri, ndipo ana akundifunsa tsiku lililonse kuti nkhani yatsopano ifika liti.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Bernadetta ndi ang'ono ake onse, ndi kwa anthu a kwathu amene mumapemphera nawo. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu ya kunjanjiyo.

Ndine mlongo wanu,
Anastasia,
mphunzitsi wa Sitandade 7.